Mfumu ya heavyweight ndani: Louis, Ali, Lewis kapena Usyk?

Chisale:
Akuluakulu, chichokereni pa 19 Julayi 2025 pamene Oleksandr Usyk anagwetsa Daniel Dubois mu raundi 5 ku Wembley osadzukanso, wabukanso mkangano wakale uja wakuti wankhonya woposa onse ndani ku heavyweight, gulu la ankhonya olemera kwambiri. Ena akuti Usyk waposa onse, ena akuti asayandikire n'komwe dzina la Ali. Pempho langa n'lakuti tikangane ndi umboni: anamenya ndani, womenyedwayo anali pa mphamvu zotani panthawiyo, ndipo anamugonjetsa bwanji. Ine ndaima pa Muhammad Ali. Sonny Liston mu 1964, George Foreman mu 1974, Joe Frazier kawiri, Ken Norton kawiri, Floyd Patterson kawiri, kuwonjezapo Jerry Quarry, Ron Lyle ndi Earnie Shavers. Onsewa anawagonjetsa ngakhale analandidwa zaka zitatu ndi theka zomenya nkhonya, kuyambira Malichi 1967 mpaka Okutobala 1970, chifukwa chokana kulowa usilikali pa nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam. Zaka zimenezo ndi zomwe wankhonya amakhala pachimake.

Nyirenda:
A Chisale, mayina mwatchulawo ndi olemera, sindikukana. Koma ufumu umayezedwanso ndi kutalika kwake. Joe Louis analanda lamba kwa James Braddock mu 1937 n'kukhala naye mpaka 1949, ndipo anamuteteza maulendo 25. Lamba anali mmodzi nthawi imeneyo, panalibe zothawira ku bungwe lina poti uku kuli munthu wovuta.

Muonetsetse kamenyedwe kake. Zibakera zake zinali zazifupi, chigongono chili pafupi ndi nthiti, mphamvu ikuchokera kuphazi ndi m'chiuno osati paphewa. Phazi lakutsogolo likasuntha pang'ono, lakumbuyo limatsatira mtunda womwewo. N'chifukwa chake akaponya chibakera choyamba amakhala ali kale pabwino poponya chachiwiri ndi chachitatu. Anamuumba chotero mphunzitsi wake Jack Blackburn. Chomwe chimandigwira mtima ndi nkhani ya Max Schmeling. Mu 1936 Schmeling anaona kuti Louis akaponya jab, chibakera cholunjika cha dzanja lakutsogolo, dzanja lamanzerelo limabwerera m'munsi m'malo mobwerera pachibwano. Anangodikira mpata umenewo n'kumadutsitsa lamanja pamwamba pake, mpaka anamumaliza mu raundi 12. Atakumananso mu Juni 1938 Louis anamumaliza m'masekondi 124.

Nabanda:
Achimwene a Nyirenda, pa kuponya chibakera cholunjika Louis alibe mnzake, apo tagwirizana. Vuto lake linali miyendo. Anali wosendera, osati wothamangitsa. Mu 1941 Billy Conn, yemwe anachokera ku light heavyweight, gulu la opepukirapo, ndipo anali wopepuka kwambiri kuposa Louis, anamuzungulira maraundi 12 athunthu akutsogola kwa majaji awiri mwa atatu. Anagwa mu raundi 13 chifukwa anasiya kuzungulira n'kuima kuti asinthane zibakera. Mu Disembala 1947 Jersey Joe Walcott anamugwetsa kawiri, ndipo ambiri amene anaonera ankati Walcott wapambana. Ngati Conn ndi Walcott anamusautsa ndi mapazi, nanga Ali wa 1966, wamtali ndi wolemera kuposa onsewo komanso waliwiro?

Nyirenda:
Koma Walcott yemweyo anakomoka mu raundi 11 atabwerezana mu 1948. Louis sankalakwitsa kawiri pa munthu mmodzi.

Tembo:
Inu mukuchedwa ndi zakale. Mike Tyson anatenga lamba wa WBC, limodzi mwa mabungwe opereka malamba a nkhonya, ali ndi zaka 20, pa 22 Novembala 1986, atagwetsa Trevor Berbick mu raundi 2. Michael Spinks, yemwe anali asanagonjepo, anatha m'masekondi 91 mu 1988. Munthu wa masentimita 178 ankalowa m'kati mwa anthu aatali ngati palibe chotchinga. Njira ya mphunzitsi wake Cus D'Amato inali yomveka: magolovesi pamasaya, mutu ukupendekera uku ndi uku pamene phazi likulowa, jab ya mdani ikadutsa paphewa iwe uli kale pambali pake. Kenako lamanja m'nthiti, lamanja lomwelo uppercut, chibakera chochokera m'munsi, pachibwano. Tyson wa 1986 mpaka 1988 angagwetse aliyense mwa amene mwawatchulawo.

Mwale:
A Tembo, njira mwafotokozayo ndi yoona, koma munenenso mtengo wake. Kusuntha mutu kotero kumadya mpweya ndi miyendo, ndipo kumafuna kubwereza tsiku ndi tsiku pamaso pa mphunzitsi wosakusekerera. D'Amato anamwalira mu Novembala 1985, mphunzitsi wake wina Kevin Rooney anachotsedwa mu 1988, ndipo kuyambira pamenepo Tyson anayamba kulowa molunjika, mutu uli chilili, akusaka chibakera chimodzi.

Ngakhale asanafike apo, mankhwala ake anali atayamba kudziwika. James Tillis anamufikitsa maraundi 10 mu 1986. James Smith ndi Tony Tucker anamufikitsa 12 mu 1987. Smith anangomukumbatira usiku wonse, ndipo zinaoneka kuti Tyson akagwidwa amavomera kupuma m'malo momasula dzanja limodzi n'kumenya. Buster Douglas ku Tokyo mu Febuluwale 1990 anangowonjezera kulimba mtima: jab kawiri, lamanja, kutuluka cham'mbali kapena kugwira. Diso lamanzere la Tyson litatupa, akukona kwake analibe kachitsulo kozizira kosisitira chotupa, anachita kuthira madzi oundana mu golovesi ya labala. Zikusonyeza mmene kampu yonse inalekerera. Evander Holyfield mu 1996 anachita zina: ankalowa yekha m'kati, mutu pansi, kumukankha cham'mbuyo. Tyson wobwerera m'mbuyo alibe chibakera.

Tembo:
Ku Tokyo refu anawerenga mochedwa mu raundi 8. Douglas anakhala pansi kupitirira masekondi 10.

Mwale:
Wankhonya samvera wotchi, amamvera kuwerenga kwa refu. Douglas anamenya pansi ndi golovesi, maso ali pa zala za refu, n'kudzuka pa 9. Anali ndi nzeru zake zonse. Akanawerenga mwachangu akanadzuka mwachangu. Ndipo funso lalikulu kwa Tyson ndi ili: ndi wankhonya uti wamkulu, ali pa mphamvu zake, amene anamugonjetsa? Larry Holmes anali ndi zaka 38 ndipo anachokera kopuma. Spinks anali wa light heavyweight wokwera. Ndipo palibe nkhonya yaikulu imene Tyson anagwetsedwa kapena kutsalira kwambiri n'kudzaitembenuza.

Phiri:
Tisiyanitse mafunso awiri, chifukwa tikuwasakaniza. Loyamba: ndani anachita zazikulu m'nthawi yake? Lachiwiri: onse atawaika mu ring'i imodzi, aliyense pa tsiku lake labwino, ndani angatsale? Pa loyamba ndikhoza kuvomera Ali. Pa lachiwiri ndi Lennox Lewis. Masentimita 196, akatambasula manja 213, wolemera kupitirira makilogalamu 110, koma woyenda bwino. Munthu aliyense amene analowa naye mu ring'i anamugonjetsapo. Anagonja kawiri, kwa Oliver McCall mu 1994 ndi kwa Hasim Rahman mu 2001, ndipo onse awiri anawabwezera.

Kugonja kwa 1994 kuli ndi phunziro. Lewis wa nthawi imeneyo ankaponya lamanja mokokomeza, thupi likugwera kutsogolo, chibwano chili poyera. Amene anaona zimenezi ndi Emanuel Steward, yemwe usiku umenewo anali ku kona kwa McCall. Kenako Steward yemweyo anadzakhala mphunzitsi wa Lewis, n'kumukonza kaimidwe: kulemera kwa thupi pakati pa miyendo, jab yolemera yoimitsa munthu osati yongokhudza, lamanja lalifupi, ndi uppercut kwa aliyense wolowa atawerama. David Tua mu 2000 analephera kudutsa jab imeneyo maraundi 12. Michael Grant ndi Andrew Golota sanaone raundi 3.

Nabanda:
A Phiri, kukomoka kawiri ndi chibakera chimodzi si nkhani yoidumpha. Ali sanawerengedwepo mpaka 10. Ndipo mayina awiri aakulu a Lewis anawapeza dzuwa litapendeka: Holyfield anali ndi zaka 37 mu Novembala 1999, Tyson anali ndi 35 ku Memphis mu 2002. Vitali Klitschko mu 2003 ankatsogola 58-56 kwa majaji onse atatu pomwe dokotala anaimitsa chifukwa cha bala la padiso, ndipo Lewis anapuma osamupatsa mpata wachiwiri.

Phiri:
Balalo linabwera ndi chibakera, osati mutu, ndiye ndi chipambano choyera. Za Rahman, nkhonya inachitikira ku Brakpan pafupi ndi Johannesburg, mamita oposa 1,600 kuchokera pa nyanja. Rahman anafika msanga kuti thupi lizolowere mpweya wochepa, Lewis anafika mochedwa ali wonenepa. Pofika raundi 5 pakamwa panali yasaa, manja ali m'munsi, akubwerera ku zingwe molunjika. Kulakwa kwake ndi kumeneko, ndipo mu Novembala chaka chomwecho Rahman anagona mu raundi 4. Musaiwalenso kuti Riddick Bowe anataya lamba wa WBC m'bini mu 1992 m'malo mokumana naye, munthu yemwe Lewis anamugonjetsa kale pa Olympics ku Seoul mu 1988.

Chisale:
Poti a Phiri abweretsa za kukula kwa thupi, tiike manambala. Rocky Marciano, 49-0, kutanthauza kupambana 49 osagonjapo, ankalemera makilogalamu 85 kapena kuchepera pang'ono. Lero malire a cruiserweight, gulu la m'munsi mwa heavyweight, ndi makilogalamu 90.7, ndiye Marciano sakanatchedwa n'komwe heavyweight. Louis ankasewera cha m'ma 90. Koma Ali pomenyana ndi Foreman ku Kinshasa mu 1974 anali ndi 98, Foreman 100. Tsono taonani izi: Ali anali masentimita 191, manja akatambasula 198. Usyk ndi 191, manja 198. Mu Meyi 2024 Usyk analowa ndi makilogalamu 101 kukakumana ndi Tyson Fury wa 119 ndi masentimita 206, ndipo anapambana. Mawu oti akale anali aang'ono kwa zimphona za lero akhoza kugwira Marciano, koma Usyk wawachotsa pa Ali.

Mwale:
Apo mwalasa. Ndipo mmene Usyk amachitira ndi zimphonazo n'zofunika kuzimvetsa, chifukwa si mphamvu ya chibakera. Iye ndi wamanzere, phazi lamanja kutsogolo. Ntchito yake yoyamba ndi kuika phazi limenelo kunja kwa phazi lamanzere la mdani. Likakhala kunja, chibakera chake chamanzere chimalunjika pakati pa magolovesi, pamene lamanja la mdani limatalikirwa. Dzanja lakutsogolo silipuma: kugogoda golovesi ya mnzake, kuikankhira pansi, kunamizira. Munthu wa makilogalamu 110 akamayankha kunamizira kulikonse, kusuntha mapazi ndi kukweza manja, amatopa asanamenyedwe. Anthony Joshua mu 2021 anayesa kupikisana naye nzeru patali m'malo momukanikiza ndi thupi, ndipo raundi 12 inamupeza ali pa zingwe.

Fury anapeza yankho kwa kanthawi. M'maraundi apakati a nkhonya yoyamba ankabwerera m'mbuyo n'kumulandira ndi uppercut yamanja ndi zibakera za m'mimba, ndipo Usyk anaoneka kuti zamupweteka. Koma kuti upitirize zimenezo uyenera kuponya mosalekeza, ndipo Fury anachepetsa. Raundi 8 lamanzere linayamba kufika, raundi 9 zingwe ndi zomwe zinamuimika ndipo refu Mark Nelson anamuwerengera. Majaji anapereka 115-112 ndi 114-113 kwa Usyk, wina 114-113 kwa Fury. Chotsani pointi imodzi ya kuwerengedwako, khadi lachiwiri likhala 114-114, nkhonya yonse ikhala yofanana. Atabwerezana mu Disembala majaji onse atatu anati 116-112 kwa Usyk, apo panalibe chokangana.

Nyirenda:
Usyk ndi katswiri, koma pofika Julayi 2025 anali atamenya nkhonya 8 zokha ku heavyweight, ndipo 6 mwa izo ndi anthu atatu: Joshua, Fury, Dubois. Louis anateteza lamba 25. Holmes 20. Wladimir Klitschko anakhala pampando kuyambira 2006 mpaka 2015. Kukhala pamwamba zaka zambiri kuli ndi mayeso ake: kumenya uli ndi dzanja lopweteka, kukumana ndi kamenyedwe komwe sukukonda, mnyamata wanjala pamene iwe wakhuta. Mayeso amenewo Usyk sanawakhalire nthawi yaitali mu gulu ili.

Nabanda:
Pali china chimene tikuchilumpha, maraundi 15. Duk-koo Kim atamwalira mu Novembala 1982 atamenyana ndi Ray Mancini, WBC inatsitsa nkhonya za malamba kufika pa 12, ndipo pofika 1988 mabungwe ena anali atatsatira. Maraundi atatu amenewo amasintha mbiri yonse. Pa 12, Conn akanalanda lamba kwa Louis. Pa 12, Walcott akanagonjetsa Marciano mu 1952, chifukwa ankatsogola mpaka lamanja la Marciano linamugwetsa mu raundi 13, ndipo 49-0 sikanakhalapo. Frazier anagwetsa Ali mu raundi 15 mu 1971. Ku Manila mu 1975, pomenyana ndi Ali, mphunzitsi Eddie Futch anaimitsa wankhonya wake Frazier itatha raundi 14. Ndiye mukamati Lewis angagonjetse Ali, nenani kaye kuti ndi maraundi angati. Thupi la makilogalamu 112 limamangidwira mphindi 36, osati 45.

Phiri:
Mfundo yomveka, mayi Nabanda. Koma tinenenso zofooka za Ali, poti tikumutchula ngati analibe. Ankathawa chibakera pobweza mutu m'mbuyo molunjika, manja ali m'munsi, makamaka lamanja. Miyendo ikakhala yatsopano zimatheka. Ikachedwa pang'ono, hook yamanzere, chibakera chokhota chochokera m'mbali, imakupeza. Sonny Banks mu 1962, Henry Cooper mu 1963, Frazier mu 1971: onse anamugwetsa ndi hook yamanzere. Thupi la mdani sankalimenya kawirikawiri. Ndipo Norton anamuvuta maulendo onse atatu chifukwa Futch, yemwe ankaphunzitsanso Norton, anaona kuti Ali akaponya jab, dzanja lake lamanja silikhala pamalo otchinga jab yobwera. Norton anauzidwa kuponya yake nthawi yomweyo, akusendera kutsogolo. Mu Malichi 1973 Ali anathyoka nsagwada n'kugonja, ndipo ya 1976 ku Yankee Stadium ambiri amaipereka kwa Norton mpaka lero. Jab ya Lewis inali yaitali ndi yolemera kuposa ya Norton. Holmes nayenso akanamuvuta pa chifukwa chomwecho.

Chisale:
Zonsezo n'zoona, ndipo n'chifukwa chake ndimamuika pamwamba. Anali ndi zofooka zimenezo, miyendo inatha, koma anapezabe njira. Tengani Kinshasa, 30 Okutobala 1974. Foreman anali ndi zaka 25, 40-0, atagwetsa Frazier kasanu ndi kamodzi m'maraundi awiri ku Kingston ndi kumaliza Norton mu raundi 2. Ali anali ndi zaka 32. Anthu amangoti anatsamira zingwe mpaka Foreman anatopa, koma ntchito inali yambiri. Raundi yoyamba anayamba ndi lamanja lopanda jab patsogolo, chinthu chimene suchita kwa munthu womuopa, ndipo Foreman anapsa mtima n'kuyamba kuponya ndi mphamvu zonse. Ali ataona kuti kuvina kumutopetsa iye msanga kuposa womutsatayo, anapita ku zingwe. Zingwezo zinali zolefuka, ndiye ankatsamira kwambiri mutu n'kutalikira zibakera. Zigongono zinatseka nthiti, magolovesi anatseka nkhope. Foreman akayandikira, Ali ankamugwira kukhosi n'kumukokera pansi, kuti khosi ndi msana zisenze kulemera kwake. Kumapeto a raundi ankatulutsa zibakera zolunjika, ndipo nkhope yotupa inali ya Foreman. Raundi 8 anatuluka pa kona n'kumumaliza ndi lamanja. Anasintha pulani m'kati mwa nkhonya, pamaso pa munthu woopsa kuposa onse a nthawiyo.

Mwale:
Koma achinyamata asatengere njira imeneyo. Refu wa lero akhoza kukuchotsera pointi pa kukoka khosi kotero, zingwe zolimba sizikupatsa mpata wotsamira, ndipo zibakera zogwera m'mikono ndi mu impso zimawerengedwabe ndi thupi. Foreman mwiniwake anaphunzirapo. Atabwerera ali wamkulu ankaponya modekha, akupuma bwino, mpaka anagwetsa Michael Moorer mu raundi 10 mu 1994 ali ndi zaka 45.

Tembo:
Chabwino, Ali wa 1974 anali wanzeru. Koma mukamati Ali wa 1966 mumaonetsa nkhonya ya Cleveland Williams. Williams anali atawomberedwa ndi mfuti mu 1964 n'kutaya impso. Si umboni wokwanira umenewo.

Chisale:
Pa Williams mwanena zoona. Onerani Liston woyamba m'malo mwake, makamaka raundi 5 pamene Ali sankaona bwino chifukwa cha mankhwala amene analowa m'maso, n'kupulumuka ndi miyendo ndi dzanja lamanzere lotambasula. Raundi 6 anabwerera n'kumulamulira, Liston osadzukanso pampando. Kapena Ernie Terrell mu 1967, munthu wa masentimita 198 wodalira jab, amene anagonja pafupifupi raundi iliyonse mwa 15.

Nyirenda:
Holmes tikumuchitira nkhanza pa gulu lino. Anafika 48-0 asanagonje kwa Spinks mu 1985. Anadzuka pa lamanja la Shavers mu raundi 7 mu 1979, chibakera chimene ambiri sakanadzukapo, n'kupambana mu raundi 11. Raundi 15 yake ndi Norton mu 1978 ndi imene inamupatsa lamba, ali ndi mkono wamanzere wovulala. Tsoka lake n'lakuti anabwera pambuyo pa Ali n'kumumenya ali wotheratu mu 1980, ndipo anthu sanamukhululukire.

Nabanda:
Holmes alowe ndithu, ndipo kwa ine ndiye angavute Lewis kuposa onse, chifukwa jab yake inali yachangu ndipo ankaiponya akuyenda. Koma za Usyk ndili ndi funso lomwe palibe waliyankha. Onse amene wawagonjetsa ku heavyweight pa malamba ndi anthu aakulu omwe amafuna mtunda ndi nthawi yoganiza. Amene anamupatsa ntchito m'maraundi oyamba ndi Derek Chisora mu 2020, wongolowa mosaopa, akumenya mikono, mapewa ndi mimba, mpaka mpweya unamuthera. Dubois ku Wroclaw mu 2023 anamugwetsa ndi chibakera chimene refu anati chapita m'munsi mwa lamba, ndipo Fury anamupweteka ndi za m'mimba. Tsono ganizirani munthu wolowa chotero koma wosatopa. Frazier ankawerama pansi pa jab, mutu pachifuwa pako, hook yamanzere ku chiwindi kenako kumutu, ndipo liwiro lake linkakwera maraundi akamapita. Kwa wamanzere ngati Usyk mbali ya chiwindi ndi imene ili kutsogolo, pafupi ndi hook imeneyo. Holyfield nayenso, yemwe anatenga malamba onse a cruiserweight mu 1988 asanakwere monga anachitira Usyk mu 2018, ankabweza chibakera nthawi yomweyo wamenyedwa, osadikira kuti mnzake atuluke.

Mwale:
Holyfield anavutika ndi amanzere, mayi. Moorer anamulanda malamba mu 1994 ndi jab yamanja yokha, ngakhale Holyfield anamubwezera mu 1997 pomugwetsa kasanu. Usyk amayenda kuposa Moorer kutali, ndiye pa 12 ndikupereka kwa Usyk. Za Frazier ndi zina. Kuti umuthawe uyenera kuzungulira kupita kumanja kwa Frazier, kutali ndi hook, ndipo Usyk mwachizolowezi amazungulira kupita kumanja kwake iye mwini, komwe ndi kumanzere kwa Frazier. Akanayenera kusintha mbali imene wakhala akuyendera moyo wake wonse, kapena kulowa msanga kunja kwa phazi hook isanatambasuke n'kumukankha paphewa kuti atembenuke. Foreman anamuimitsa Frazier pomukankha ndi manja awiri n'kumukweza ndi uppercut, koma mphamvu imeneyo Usyk alibe. Pa maraundi 15 ndikupereka kwa Frazier wa 1971.